Mfuti yong'aluka ya malemu aneba athu

M'zaka za m'ma 1970 tinkakhala ku Oshawa, m'dziko la azungu, m'kanyumba ka lendi kufupi ndi fakitale ya magalimoto. Ine ndinali namwino, amuna anga ankaphunzitsa pa koleji. Khomo loyang'anana ndi lathu linali la nkhalamba ziwiri zachizungu. Mayiwo ndi amene anandiphunzitsa kavalidwe ka m'nyengo yachisanu, ndipo ndikatuluka wopanda chipewa ankandikalipira pazenera ngati anandibala okha. Ndinkawakonda mayi amenewa, sindibisa. Mayi anga anali kutali, awa anali pafupi.

Bambowo atamwalira, tsiku lina mayi aja anagogoda kwathu atanyamula chinthu chachitali chokulunga m'bulangete. Inali mfuti ya malemu yosakira abakha, yakalekale, ya mipope iwiri, yogoba maluwa pachitsulo pake. Anati ndi ya amuna anga, poti ndiwo ankawakokolera chipale chofewa pakhomo bambowo akudwala. Mtengo wake unali ndi mng'alu pogwirira penipeni.

Amuna anga, munthu woti ngakhale nkhuku ankachita kundiitana kuti ndizinge ine, mano onse anali pamtunda. Anathamangira nayo kwa wokonza mfuti, amene anawauza kuti zotere anthu amazisunga ngati chuma, ndipo mng'aluwo akhoza kuumata osaonekanso.

"Tiikonzetse basi, ndabukitsa kale Loweruka," anatero atabwerako.

"Ndi yathu kodi?" ndinawafunsa.

"Atipatsa eni ake. Inu mumangokomplena zilizonse."

Koma mtima wanga sunakhale m'malo. Kwathu kumudzi mfuti ya munthu womwalira siituluka pakhomo mwakachetechete. Abale amayamba akhala pansi, n'kuloza woitenga. Malemuwa anali ndi mwana wamwamuna ku Scarborough, tauni ina yapafupi, bambo wamkulu ndithu, amene pamaliro anangoima kumbuyo osalankhula ndi munthu. Komanso kubweza mphatso ndi chipongwe kulikonse. Ndinkaopa kuti ndikaibweza, khomo lija linditsekekera, ndipo m'dziko lozizira limeneli ndinalibe lina logogodapo.

Tinakokanakokana mpaka Loweruka lija linadutsa. Mapeto ake tinachita mwa kwathu. Tinaitana mayiwo ndi mwana wawo kuti adzadye nafe Lamulungu tikaweruka kutchalitchi. Amuna anga anali atatupa, koma tayi sanavule. Titatha kudya anaika mfuti patebulo, n'kuimirira ngati ali pabwalo la milandu. Anathokoza mayiwo mwaulemu wonse, kenaka anati sitingaikonzetse kapena kuisunga mwana wa malemu asananenepo mawu ake.

Mwanayo anaitenga, n'kuyendetsa chala pamng'alu paja. Anati anaing'alula ndi iye ali mnyamata, inamupulumuka n'kumenyetseka pamwala. Bambo ake sanamukalipire, koma sanapitenso naye kosaka, ndipo za mfutiyo sanazitchulenso.

"Ndinkayesa anaitaya," anatero.

"Sunaipemphe," anatero mayi ake.

"Simunandifunse."

Ine ndinayamba kutolera mbale zoti zikanatha kudikira. Kenaka mwanayo anatipempha kuti tisaikonzetse. Anaikulunga m'bulangete lomwe lija n'kupita nayo mmene inalili. Mayi ake ananyamuka tiyi ali pamoto, osatsanzika.

Masiku otsatirawo ndinavutika. Ndikatuluka kupita kuchipatala ndinkaponya maso pazenera lawo, makatani ali chitsekere. Amuna anga sananene kuti ndinakuuzani, koma ankatsokomola mwanjira ina yake imene ndinkaidziwa bwino. Chodabwitsa n'chakuti mumtima ndinali wopepukidwa, ngakhale kuti mantha sanathe.

Tsiku lina m'mawa ndili pa ofu ndinamva kugogoda. Anali mayi aja. Analowa osadikira kuti ndiwalonjere, n'kukhala pampando wa kukhitchini, chikwama chili pamiyendo.

"Kwanuko nonse mumalowerera za m'nyumba za eni ake chonchi?" anandifunsa, nkhope ili gwa.

Ndinaganiza zonama, koma ndinati, "Tonse, mayi. Enafe timachita kunyanya."

Mayiwo anavula magolovesi n'kuwaika patebulo.

"Ndiye ndikadzafa ine, udzakhalepo pogawa zanga. Mwana wangayu sadziwa kupempha."