Khadi la Yotamu Linadyedwa ndi Chiswe

Amayi Velentina Sakala amalima mtedza ku Vubwi. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Yotamu, anali wamtali kuposa anzake onse ngakhale anali ndi zaka khumi ndi zinayi basi. Atagwidwa pamodzi ndi anyamata oba mbuzi, wapolisi anangoyang'ana msinkhu wake n'kulemba kuti ndi wamkulu.

Mayiwo anathamangira kunyumba kukatenga khadi lake la kusikelo losonyeza tsiku limene anabadwa, koma anapeza litadyedwa ndi chiswe.

"Bwana, ameneyu ndi mwana, ndinabereka ndine," anadandaula mayiwo atabwerera kupolisi.

"Pakamwa si pepala, mayi," anayankha wapolisiyo.

Yotamu anakhala miyezi isanu ndi iwiri m'chitolokosi chimodzi ndi akuluakulu. Anatuluka akutsokomola, wosafuna kulankhula ndi munthu, ndipo kusukulu sanabwererenso.

Chaka china kunabwera a bungwe lina kudzamva maganizo a anthu pa lamulo loteteza ana limene linkakonzedwa. Amayi Sakala analankhula mpaka mawu anasasa, alendowo akulemba. Pomaliza anafunsa ngati lamulolo lidzamuthandize Yotamu.

"Lidzathandiza ena, mayi," anatero mmodzi wa alendowo, n'kuwajambula chithunzi.

Kuchokera tsikulo, mayiwo akamva kuti kuli msonkhano amatenga khasu n'kupita kumunda.