Simenti pa Nyumba ya Denga la Chifalansa

M'zaka za m'ma 1990 ndinkasamalira nyumba ina yakale pakati pa Toronto, yopapatiza, ya nsanjika zitatu, yolembedwa m'kaundula wa nyumba zosaloledwa kugumulidwa. Mayi wojambula mapulani amene ankayang'anira ntchito yoikonza anandiuza kuti anaimangitsa ndi wamalonda wina wolankhula Chifalansa. Wamalondayo ankafuna denga longa la kwawo: lotsetsereka kwambiri, lofoleredwa ndi timiyala takuda tosanjikizana ngati mamba a nsomba, mawindo atatu akusuzumira m'denga momwemo. Eni ake a pambuyo pake anaiduladula kukhala zipinda za lendi. Mayiyo ankawerenga zonsezi pakhoma, poona pomwe njerwa zasintha mtundu. Ine, amene ndinayamba sukulu ndili ndi ndevu, ndinkangoti kukamwa yasa.

Tsiku lina ndinaona kuti dothi la pakati pa njerwa za pakhomo likuyoyoka ndikalikanda ndi chala. Kwathu ndinali mmisiri womanga, ndipo chofewa chilichonse ndinkachiyesa umphawi. Ndinakanda simenti n'kumata, osauza munthu.

Nyengo yachisanu itatha, njerwa zisanu zinali zitasenduka kumaso. Mayi aja anafotokoza kuti njerwa zakale zimafuna laimu, kuti chinyezi chizituluka. Simenti imatsekera madzi m'kati, ndipo akaundana amang'amba njerwa. Anaganizira mmisiri wawo, bambo wa ku Chipata wa ana anayi, nanena kuti amuchotsa ntchito Lachisanu.

Ndinakhala chete masiku awiri. Kukhala chete ndinkakudziwa. Kalekale ndinagumula nyumba yomwe bambo anga anamanga ndi manja awo, amayi ali kuchipatala, chifukwa inkandichititsa manyazi pafupi ndi yanga yamalata. Atabwerako ndinawauza kuti chinali chiswe. Anamwalira akutukwana chiswe.

Lachinayi m'mawa ndinawapeza mayi a mapulani aja pamasitepe.

"Simenti ija ndinamata ndine. Bambo aja musawachotse."

Anandipatsa tchizulo chaching'ono kuti ndigobe ndekha simentiyo. Wa ku Chipata uja anaseka mpaka kutsamira khoma.

"Mdala, simenti si mankhwala a matenda onse."

Ndinagoba milungu itatu, pang'onopang'ono, iye akundiphunzitsa kusakaniza laimu ndi mchenga. Anagwira ntchito yake mpaka nyumba inatha. Njerwa zisanu zija mayi aja anakana kuzisintha. Anati nazonso tsopano ndi mbiri ya nyumbayo. Zili kumanzere kwa chitseko, mzere wachinayi kuchokera pansi.