Njinga Imene Ndinainyoza ku Chiputula

Ndinakulira ku Limbe, kumene munthu sugula chinthu usanachinyoze. Ukafuna nsapato umayamba wanena kuti chidendene chake n'chopindika, kenako umatembenuka ngati ukupita, ndipo usanafike patali wogulitsa amakhala akukuitana kale. Luso limeneli ndinabwera nalo ku Mzuzu, ndipo ndinkalinyadira kuposa satifiketi ya kusukulu.

Nkhani ya njinga anaiyambitsa alamu anga, mlongo wawo wa mayi a kunyumba, amene amakhala ku Msongwe. Loweruka lililonse iwo ndi anzawo ankapalasa m'tinjira ta m'nkhalango ya Kaning'ina, n'kubwerako ali matope okhaokha koma akuseka. Ine zinkandidabwitsa. Anthu akuluakulu, ena a magalimoto awo, kukadzivutitsa dala m'phiri popanda katundu wokatula kwa munthu?

"Alamu, mimba iyo ikufuna chitunda," anatero tsiku lina. "Pezani njinga ya mawunteni, Loweruka likubwerali tinyamukire limodzi."

Ndinavomera mlongo wawo akumva, choncho pobwerera panalibe.

Anandilozera kwa bambo wina wa ku Chiputula amene ankagulitsa njinga za kaunjika pakhonde la nyumba yake. Zondikwana msinkhu zinalipo ziwiri. Ina inali yofiira, yonyezimira, ya masipuling'i kutsogolo ndi kumbuyo, zitsulo zonenepa ngati mapaipi a pamjigo. Inayo inali yotuwa, yokalikakalika, sipuling'i kutsogolo kokha, chishalo chopyapyala ngati mpeni. Nditainyamula ndinatsala pang'ono kuiponya padenga, kupepuka kwake.

Njinga zimene ndinkazidziwa ndi zonyamula anthu, zomwe kuno amati sakaramento, ndipo kumeneko kulemera ndiye kulimba. Maso anga anali atagula kale yofiira. Koma mwini wake anandilola kuyesa zonse ziwiri pa kanjira kokwera kuseri kwa nyumba, kokumbika ndi madzi a mvula.

Yofiira inkanesa ngati matiresi. Ndikaponda pedulo, mphamvu yanga inkamezedwa ndi sipuling'i ya kumbuyo, ine n'kumangodumphadumpha pamalo amodzi, magiya akulira khwekhwerere. Yotuwa inakwera ngati wina akundikankha kumsana. Potsika ndinagwira buleki ndi chala chimodzi, iyo n'kuima pomwepo. Ndinabwereza, osati poyesanso ayi, koma pofuna kumvetsa. Chinthu chopepuka chonchi chikugwira bwanji nthaka? Ndinagogoda chitsulo chake ndi kiyi n'kutchera khutu, ndinasisita zigoba za matayala, ndinagwada n'kusuzumira kunsi ngati ndikugula mbuzi. Yankho sindinalipeze, koma mtima unali utasamukira kwa yotuwayo.

Apa m'pamene mwana wa ku Limbe anadzuka mwa ine. Lamulo lake n'losavuta: chimene ukufuna uchinyoze, chimene sukufuna uchitame.

"Achimwene, njinga ndi iyi," ndinatero ndikusisita yofiira. "Chitsulo chenicheni. Kotuwaka kangoti kakwaniritse gulu."

"Nako n'kabwino chomene, adada," anayankha modekha.

"Kabwino pati? Taonani tcheni chatha, tayala lakumbuyo layamba dazi, penti ngati kanagwa pa lole. Chishalo ichi munthu angaberekenso ana?"

Anaseka pang'ono. Pabenchi panali mayi wina wovala zakuofesi, amene ndinkaganiza kuti wabwerera tinjinga ta ana. Nayenso anamwetulira, ine n'kuona ngati ndapeza ondichemerera, ndiye ndinawonjezera zilema zina zimene ndinapeka pomwepo. Kenako ndinatchula mtengo wanga wa kotuwako, wongothandiza kuti kachoke pakhonde. Bamboyo anapukusa mutu. Ndinatembenuka n'kuyamba ulendo.

"Yewo adada, mwende makora," anatero m'Chitumbuka, kundifunira ulendo wabwino.

Ndinayenda pang'onopang'ono, makutu ali kumbuyo. Ndinamanga chingwe cha nsapato chomwe chinali chomanga kale. Pamphambano ndinagula nthochi n'kudyera pomwepo. Wondiitana panalibe. Ndinadziuza kuti bamboyu ngochenjera, ndimusiye agone ndi mantha, mawa andilandira ndi manja awiri.

M'mawa mwake anandilandiradi ndi ulemu wonse, mpando ndi moni wautali. Koma pamene panali yotuwa panangotsala chizindikiro cha matayala pafumbi.

"Yapita dzulo lomwe lija, adada. Koma musadandaule, yanu ija ndakusungirani. Ena anaifuna, ine ndinati ayi, mwini wake anaikonda chomene."

Ndinayesa kunena za kunesa kwake ndi magiya olira aja.

"Si inu munati chitsulo chenicheni?"

Munthu sunganyoze lero chimene unachitama dzulo pamaso pa mboni. Loweruka linali litayandikira, kwina kopeza njinga ya msinkhu wanga sindinkakudziwa, ndipo alamu anali atalengeza kale kwa anzawo. Ndinaigula pa mtengo umene mwini wake anatchula, chinthu chimene sindinachitepo chibadwire.

Ku Kaning'ina kunali kamvula kowaza kaja ka ku Mzuzu, mizu ya mitengo ili tererere. Chitunda choyamba ndinakwera theka, theka linalo njinga inakwera ine. Alamu ankandidikira pamwamba akumwa madzi.

"Alamu, mwagula njinga kapena ngolo?"

Ndisanapeze mpweya woyankhira, kumbuyo kunamveka tcheni choyenda mosalala. Inali yotuwa ija, ikukwera ngati palibe phiri. Woikwera anaima pambali panga n'kukweza chipewa chake cholimba. Anali mayi wa pabenchi uja.

"Monire adada. Ndimafuna ndikuthokozeni. Ine kunenerera sinditha, ndiye mutachoka ndinangobwereza zonse munanena zija, tcheni, tayala, penti. Ananditsitsira bwino ndithu."

"Nanga chishalo?" ndinafunsa.

"Ana ndili nawo kale."

Alamu anaseka mpaka kutsamwa ndi madzi. Ine ndinapempha mayiyo kuti andibwereke njingayo pa chitunda chotsatira chokha, poti funso langa lija linali lisanayankhidwe. Anavomera, koma anati yofiirayo sakankha. Inatsala yotsamira mtengo, ndipo pobwerera ndinaipeza ili pomwepo. Ngakhale wakuba sanaifune.