Thonje ndi Madzi

A Sisitala, zoona zimenezi? Lero mu minibasi ya ku Chirimba ndakumana ndi mwana wanu wamkazi, ine n'kumufunsa mosangalala kuti, "Amayi ali bwanji?" Akuti munatisiya mwezi watha. Mutu wangoima, ndapitirira siteji yanga mpaka kondakitala wachita kundigwedeza.

Ndakumbukira tsiku lija munatitengera ku wodi tonse pamodzi, ophunzira unamwino, udokotala ndi zamankhwala, kuti tiphunzire kusamalira munthu amene watsala pang'ono kumwalira. Pabedi panali bambo wina wa ku Limbe, dalaivala wa mathiraki. Mnzathu wina anati, "Apa palibenso chomwe tingachite." Munamuyang'ana ndi diso lanu lija. "Palibe? Milomo yaumayo simukuiona?" Munaviika thonje m'madzi n'kuwanyowetsa milomo bambowo, kenako munati tithandize akazi awo kutembenuza bedi kuti ayang'ane kumene Asilamu amayang'ana poswali. Mpaka lero mawu akuti "palibe" sindiwatchula pafupi ndi wodwala. Koma a Sisitala, ife ana anu sitinamve n'komwe kuti mukudwala. Nanga inuyo anakunyowetsani milomo ndani?