Mpunga wa ku Chia m'thumba la eni

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene malume anga, omwe ankaperekera zakudya pa loji ina, anandiphunzitsa kuwerenga botolo la vinyo. Mabotolo otha ankatibweretsera kwathu ku Chia kuti amayi azisungiramo mbewu za mpiru ndi therere.

Ine ndinkayesa Shiraz, mawu olembedwa pabotolopo, ndi dzina la mzungu mwini vinyoyo. Malume anaseka mpaka kutsokomola. Anati ndi mtundu wa mphesa, monga ife tili ndi mpunga wa faya ndi kilombero, ndipo Stellenbosch, mawu omwe ankandipinda lilime, ndi dera la ku Joni kumene mphesazo zinalimidwa. Anawonjezera kuti kumeneko kunama dera pabotolo ndi mlandu. Zimenezo zinandikhala mumtima, poti ndinkaona mmene amayi ankavutikira m'dambo, misundu itawakakamira m'miyendo.

Titakolola kunabwera venda wa mpunga, namangirira sikelo yake pamtengo wa mango. Matumba ake anali olembedwa kale kuti kilombero wa ku Karonga. Ndinawerenga mokweza, kenaka ndinamufunsa chifukwa chake akuthira mpunga wa ku Chia m'thumba la eni. Anthu anaseka, koma iye ayi.

"Chia amaidziwa ndani m'tauni? Mayi, ngati mwana wanuyu ndiye loya wanu, khalani nawo mpunga wanuwo," anatero akumasula sikelo.

Amayi anandiwomba mbama pamaso pa anthu, nandigwaditsa pafumbi kuti ndipepese wakuba. Ndinapepesa, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mtima umandipsa. Amayi sindiwakwiyira, venda wofika kwathu chaka chimenecho anali yekhayo. Ndimakwiyira bambo uja, komanso malume, amene atamva anangoti za pabotolo ndi za azungu, ndisamazitengere. Nanga ankandiphunzitsiranji? Pano ndikudziwa kuti dzina la dera limatsagana ndi katundu ngati olima angathe kukana kugulitsa. Amayi sakanatha.

Atakalamba ndinawatenga kukakhala nawo ku Lilongwe. Tsiku lina ndinagula mpunga m'sitolo, paketi yolembedwa Karonga. Uli pamoto, amayi ananunkhiza nthunzi nati, "Uwu ndi wakwathu uwu." Anatola paketi ija, naitembenuza, nandipatsa poti sankadziwa kuwerenga.

"Alemba chiyani apa, mwanawe?"

Ndinawauza kuti alemba Chia.