Chotupa cha mu impso chimene sichinali khansa

Zinayamba mu Meyi ndi kuwawa pansi pa nthiti, mbali ya kumanzere. Ndimagulitsa masitiroberi mumsewu wokwera phiri la Zomba, ndiye ndinkangoti ndi kutopa. Kenako thupi linayamba kutentha madzulo aliwonse. Anandiyeza malungo kawiri, osawapeza. Pofika Ogasiti ndinali nditaonda moti anzanga apamsewu ankasiya nkhani ndikafika.

Kuchipatala chachikulu ndinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Atandijambula, anati mu impso muli chotupa chooneka ngati khansa, ndipo ananditumiza ku Blantyre.

Kuyambira tsiku limenelo sindinakhulupirirenso munthu. Achemwali anga aEsinati, amene ankandidikirira m'wodi, akamanong'onezana ndi anamwino pakhonde, ine ndinkati akukonza za maliro anga. Amuna anga akabwera akumwetulira, ndinkati alipo wawauza kanthu.

Impsoyo anaichotsa mu Seputembala n'kuitumiza kokayeza. Zotsatira tinazidikira mwezi ndi theka.

Adokotala anati, "Mayi, si khansa. Kamwala kanatseka njira ya mkodzo, ndiye impso inayamba kuola pang'onopang'ono mpaka kutupa. Matendawa sapezekapezeka, ndipo pachithunzi amatinamiza ngakhale ife."

Ndinaganiza kuti achemwali awapempha kuti andibisire. Ndinawauza aEsinati kuti ayambe atuluka.

"Adokotala, ndili ndi ana atatu. Ngati ndikufa, ndiuzeni ndiwakonzere pokhala."

Iwo anandiyandikizira pepala la zotsatira n'kulimasulira m'Chichewa, chala chili pamawu. "Ikanakhala khansa, lero ndikanakulemberani tsiku loyamba mankhwala ake. Onani, ndangolemba tsiku lodzaona bala."

Ndinabwerera kwathu ku Chinamwali ndikukayikabe. Usiku uliwonse ndinkadzigwira pamphumi kudikira kutentha kuja, koma sikunabwerenso. Njala inayamba kundipweteka ngati kale. Mu Januwale ndinakwera phiri wapansi osapumira panjira, ndipo nditatsika ndinapita kukawapepesa achemwali. Anandiuza kuti pakhonde paja ankafunsa anamwino zakudya zoyenera kundiphikira.

Panopa ndili bwino ndi impso imodzi. Ndimamwa madzi ambiri, ndipo tsiku lokayezetsa sindiliphonya. Adokotala anati ndikanabwera msanga, mwina akanangochotsa kamwalako. Inu mukamva kuwawa kosatha, kapena kutentha thupi koma malungo osapezeka, pitani kuchipatala msanga, ndipo funsani mpaka mumvetse. Ine ndinachedwa miyezi itatu, ndipo impso yanga inapita.