Mankhwala a Thonje pa Mpiru

Amayi atamwalira, tinakatenga bambo anga ku Utale kuti adzakhale nafe ku Balaka. Thupi linabwera, koma mtima unatsala kumanda. Ankadzuka dzuwa litakwera, kudya kwake kongolawa, kuyankhula ayi. Ndinkaopa kuti tiwaika nawonso chaka chomwecho.

Chimene chinawadzutsa ndi kadimba kanga ka kuseri kwa nyumba. Munali mpiru, tomato ndi maluwa a m'mbali mwa mpanda, zonse zothirira ndi madzi otsukira mbale. Nsabwe zinali zitamatirira kunsi kwa masamba, mbozi zikuboola tomato mmene zikufunira. Ine ndinkalimbana nazo ndi phulusa, sopo ndi madzi a masamba a nimu. Bambo atandiona anaseka, koyamba chifikireni.

"Iwe, mbozizo ukuzipha kapena ukuzisambitsa?"

Mawa lake analawirira ndi khasu. Dimbalo ndinawapatsa ndi manja awiri. Anapalira, anamangira tomato kumitengo, madzulo n'kupempha chakudya chowonjezera. Ndinasangalala zedi.

Koma bambo analima thonje moyo wawo wonse, ndipo kwa iwo mankhwala a mbozi anali amodzi basi. Anakagula kumsika, a m'kabotolo kopanda dzina, afungo lopweteka mutu. Anawasungunula mmene ankachitira kumunda, okhathamira, n'kuwaza ndi tsache ine ndili kusukulu komwe ndinkaphunzitsa. Sanauze munthu. Ukapopera thonje umachenjeza ndani? Thonje silidyedwa.

Kuseri kwa mpanda kunkakhala mayi ena a ku Chikweo, ogulitsa mandasi. Tinkakhala ngati pachibale. Iwo ankathyola ndiwo m'dimba mwanga opanda odi, ine ndinkatunga madzi pampopi wawo. Unali mwezi wa Ramadani, akuluakulu a m'nyumba mwawo akusala kudya. Masana amenewo mayiwo anathyola mpiru uja n'kuphikira kamwana kawo kakakazi, kamene kanali kasanafike msinkhu wosala.

Pochokera kuntchito ndinakumana nawo ali pakabaza, opanda nsapato, atafungata mwanayo. Khosi linali lendee, thovu kukamwa.

"Achemwali, ndiwo zija!" anakuwa, njinga n'kupitirira.

Ndinathamangira kunyumba mtima ukuwira. Bambo ndinawapeza m'dimba akuwerama, akusirira mbozi zakufa zili mbwee pansi.

"Ababa, mwathira chiyani muno?"

Anandilozera kabotolo monyadira. Nditawauza za mwana uja, anakhala pansi pomwepo, pamzere wa tomato.

Mwanayo anagona m'chipatala masiku angapo, koma anachira. Mayi ake anabwera naye kwathu, atamuveka diresi latsopano, n'kugwada pafupi ndi bambo.

"Agogo, musadandaule. Mulungu watibwezera mwana, tamuonani. Inu simunadziwe."

"Iyayi, mayi," anayankha bambo, maso ali pansi. "Kuti amapha ndinkadziwa. Zoti ndiwo zimalowa m'kamwa mwa munthu ndi zimene sindinaganize."

Bambo sanamuyang'ane n'komwe mwanayo. Alendo atachoka anazula dimba lonse, mpiru, tomato, ndi maluwa anga omwe, n'kukwirira m'dzenje lakuya. Maluwawo anandipweteka mtima.

Ndinayesa zonse. Ndinagula mbewu zina, ndinawanyengerera kuti andiphunzitse kufesa nazale, ngakhale kunamizira kuti msana ukundipweteka kuti mwina andimvere chisoni agwire khasu. Khasulo sanaligwirenso. Kudya kunayambanso kuchepa, kenako anati tiwaperekeze kwawo.

"Ababa, mukakhala ndi ndani kumeneko?"

"Kuli bwino ndekha, mwanawe. Pamene pali ana usadzandipatsenso munda."

Tinawaperekeza nthawi ya dzuwa loswa mtengo, minda ya ku Utale ili gwaa. Anthu anzawo anayamba kusosa, kenako kugalauza mizere. Munda wa bambo wokha unakhalabe ndi zitsa za thonje za chaka chatha. Mvula yoyamba inatipeza panjira, tikuchokera kokawaika m'manda.